Tigule Herceptin kapena tidikire lipoti la ku labu?

Ndalandira imelo kuchokera kwa wowerenga wina wa ku Zomba, ndipo wandilola kuti ndiyankhe poyera chifukwa funso lake likhoza kukhalanso la ena. Walemba kuti: "Mayi anga anawapeza ndi chotupa m'bere lakumanzere. Adokotala anadula kanyama n'kutumiza ku labu, ndipo atiuza kuti ndi khansa, koma akuti tidikirebe zotsatira zina. Azakhali athu amene amagwira ntchito ku Leeds, ku England, akuti kumeneko odwala khansa ya m'mawere amapatsidwa Herceptin, ndipo akuti si kemo, sathothola tsitsi. Akufuna kutumiza ndalama kuti tikagule ku Joni. Kodi mankhwalawa ndi otani, nanga tigule?"

Achemwali, pepani kwambiri ndi matenda a mayi. Yankho langa ndi lakuti musagule kaye. Azakhali sananame, mankhwalawo alipo ndipo apulumutsa amayi ambiri, koma amagwira ntchito pa mtundu umodzi wokha wa khansa ya m'mawere. Mwa amayi 5 odwala khansa imeneyi, ndi mmodzi yekha, kapena osakwanako n'komwe, amene chotupa chake ndi cha mtundu umenewo. Zotsatira zimene mukudikirazo ndi zomwe zinganene ngati mayi ali m'gulu limenelo.

Tiyambire pa chimene mankhwalawa ali. Thupi likalowedwa ndi kachilombo, maselo ena oyera a m'magazi, otchedwa maselo a B, amapanga timapuloteni totchedwa ma antibody. Kalikonse kamagwira chinthu chimodzi chokha chimene chikulingana ndi kapangidwe kake, monga momwe sipanala ya nambala 10 imamasulira bawuti wa nambala 10 basi, pa wa 13 silowa n'komwe. M'magazi mwathu muli mitundu yosawerengeka ya ma antibody, yonse yosakanikirana, ndipo kwa zaka zambiri asayansi ankasowa njira yopezera mtundu umodzi wokha, woyera, wochuluka mokwanira kugwiritsa ntchito.

Njirayo inapezeka mu 1975 ku Cambridge, ku England. Georges Köhler ndi César Milstein anatenga maselo a B m'kapamba wa mbewa n'kuwaphatikiza ndi maselo a khansa yotchedwa myeloma, amene safa msanga ngati maselo wamba. Selo limene linatuluka pamenepo linatenga mbali zonse ziwiri: limaswana osalekeza, ndipo ana ake onse amapanga antibody yofanana ndendende. Amenewa ndiwo ma monoclonal antibody. Awiriwa analandira mphoto ya Nobel mu 1984.

Mwina simunadziwe, koma inu ndi ine takhala tikuwagwiritsa ntchito kwa nthawi yaitali. Kapulasitiki koyezera malungo kaja, kamene amadonthezapo magazi a pachala n'kudikira mizere, kali ndi ma antibody a mtundu umenewu amene amagwira puloteni ya tizilombo ta malungo. Koyezera mimba nakonso n'chimodzimodzi. Ngakhale kuwerenga CD4, kumene mabanja ambiri kuno akukudziwa bwino, kumatheka chifukwa cha antibody imene imakakamira pa maselo a CD4 okhaokha kuti makina awawerenge.

Kuwasandutsa mankhwala ndiko kunavuta. Thupi la munthu likaona puloteni ya mbewa limaitenga ngati mdani n'kuyamba kulimbana nayo. M'zaka za m'ma 1980, Greg Winter, wa ku Cambridge komweko, anapeza njira yotenga nsonga zokha za antibody ya mbewa, zomwe zimagwira chinthucho, n'kuziika pa antibody ya munthu. Kuchokera apo khomo linatseguka.

Tsopano ku khansa ya m'mawere. Pa khungu la maselo athu pali puloteni yotchedwa HER2, imene ntchito yake ndi kulandira uthenga wakuti selo likule ndi kugawikana. Selo labwinobwino lili nayo yochepa. Mu 1987 Dennis Slamon wa ku Los Angeles ndi anzake anasonyeza kuti zotupa zina za m'mawere zili ndi HER2 yochuluka mopitirira muyeso, ndipo amayi a zotupa zimenezo khansa yawo inkabwerera msanga, iwo n'kumwalira msanga kuposa anzawo. Kampani ya Genentech inapanga antibody yokakamira pa HER2. Ikakakamira, uthenga wakuti selo likule umafooka, komanso asilikali a m'thupi amaliona selolo n'kulipha. Dzina lake lenileni ndi trastuzumab, Herceptin ndi dzina la malonda, ndipo analoledwa ku America mu 1998. Mu 2005 kafukufuku wamkulu wa m'maiko angapo anapeza kuti akawonjezeredwa pa kemo pambuyo pa opaleshoni, kubwereranso kwa khansa kumachepa pafupifupi ndi theka. Khansa imene inali m'gulu la zoopsa kwambiri inasanduka imodzi mwa zomwe madokotala ali ndi chida champhamvu cholimbana nazo.

Koma ngati chotupa cha mayi chilibe HER2 yochuluka, trastuzumab ilibe pogwira. Ofufuza anayesapo kuipereka kwa amayi a HER2 yochepa, ndipo sinawathandize. Mungagulitse munda, mankhwala n'kulowa m'thupi, osachita kanthu pa chotupacho, koma n'kusiya chiopsezo pa mtima.

Ndikufuna muone chimene chikuchitika ndi kanyama ka mayi kaja, chifukwa kudikira kumapweteka kwambiri munthu akamaganiza kuti angomuiwala. Kakangodulidwa amakaika m'botolo la mankhwala a formalin kuti kasawole, ndipo malangizo amati kakhalemo maola osachepera 6 koma osapitirira 72, apo ayi mapuloteni amawonongeka ndipo zotsatira zikhoza kunama. Kenako amakachotsa madzi n'kukaumba m'kachidutswa ka phula. Kachidutswako amakasenga ndi mpeni wa makina, timagawo topyapyala kuposa tsitsi, n'kutiyala pa timagalasi. Kagalasi koyamba amakapaka utoto wofiirira ndi wabuluu, ndipo dokotala wa ku labu amakayang'ana pa maikulosikopu n'kunena kuti iyi ndi khansa. Apo ndi pamene mwafika inu.

Chotsatira ndi chimene amachitcha IHC. Pa kagalasi kena amathirapo antibody yofunafuna HER2, ndipo paliponse pamene yakakamira pamasanduka bulauni. Ngati maselo a chotupacho oposa 10 pa 100 aliwonse azunguliridwa ndi mzere wabulauni wakuda bwino, wosadukiza, amalemba 3+, ndiye kuti HER2 ilipo yambiri. Ngati palibe kanthu kapena mzerewo ndi wosaoneka bwino, amalemba 0 kapena 1+. Pakati pali 2+, yomwe sinena zoona zake payokha, ndipo imafuna kuyeza kwina kotchedwa FISH, kowerenga majini (timalangizo ta chibadwa) a HER2 m'kati mwa selo. Chimene chimandisangalatsa pa nkhani imeneyi n'chakuti luso limodzi lomwelo la mu 1975 ndi limene likuyeza chotupa pa kagalasi, ndipo ndi lomwenso likuchiza m'diripi.

Pa timagalasi tina amayezanso ER ndi PR, kuona ngati chotupacho chimakula chifukwa cha mahomoni achikazi. Zotupa zambiri za m'mawere zimakhala za mtundu umenewu. Zikatero mankhwala ake ndi mapiritsi monga tamoxifen, omwa kamodzi pa tsiku kwa zaka 5 kapena kuposerapo, ndipo mtengo wake ndi wotsika kwambiri poyerekeza ndi trastuzumab. Ndikudziwa kuti piritsi lotchipa silioneka lamphamvu ngati botolo lochokera kunja, koma kwa mayi amene ER yake ilipo, tamoxifen ndi chithandizo chenicheni chimene chimachepetsa imfa.

Mwina wina akuuzani za kuyeza magazi kotchedwa CA 15-3. Kumeneko sikulowa m'malo mwa kanyama, ndipo sikunena kanthu za HER2.

Tiyerekeze kuti lipoti labwera ndi 3+. Azakhali akunena zoona kuti trastuzumab si kemo, ndipo payokha kawirikawiri sithothola tsitsi. Koma musamve ngati imachotsa kufunika kwa kemo kapena opaleshoni. Phindu lija linapezeka mu 2005 linali la mankhwala awiriwa pamodzi. Ku Leeds komweko, mayi wa HER2 amalandira kemo, tsitsi n'kuthothoka, trastuzumab n'kumapitirira kemo itatha. Amaipereka pa diripi kapena pa jakisoni wa pansi pa khungu, kamodzi pa masabata 3 aliwonse, nthawi zambiri kwa chaka chathunthu. Ndiye kuti si botolo limodzi, ndi maulendo pafupifupi 18. Pa diripi mlingo wake umatengera kulemera kwa wodwala. Tsiku loyamba ena amamva kutentha thupi ndi kunjenjemera, n'chifukwa chake imaperekedwa anamwino ali pafupi.

Nkhani ya mtima musaitenge mopepuka. Maselo a mtima nawonso ali ndi HER2 pang'ono, ndipo mwa amayi ena trastuzumab imafooketsa kapopedwe ka magazi. Asanayambe, dokotala amajambula mtima ndi makina a echo, n'kumabwereza pafupifupi miyezi 3 iliyonse. Saiperekanso nthawi imodzi ndi doxorubicin, kemo yofiira ija imene odwala ambiri amaidziwa ndi mtundu wake, chifukwa onse awiri amalemetsa mtima. Ngati mayi ali ndi BP kapena shuga, adokotala adziwe msanga.

Za mtengo, zinthu zasinthako. Mankhwalawa sapangidwa ngati panado. Amapangidwa ndi maselo amoyo olimidwa m'mathanki akuluakulu, ndipo kwa zaka zambiri kampani imodzi yokha ndiyo inali ndi chilolezo. Chilolezocho chitatha, makampani ena a ku India, South Korea ndi kwina anayamba kupanga ofanana nawo, otchedwa ma biosimilar. Bungwe la WHO linaika trastuzumab pa mndandanda wa mankhwala ofunikira mu 2015, ndipo mu December 2019 linavomereza biosimilar yake yoyamba. Choncho dokotala akakulemberani trastuzumab ya dzina lina osati Herceptin, musaganize kuti akukupatsani yachabechabe. Palinso kafukufuku wa ku Britain wotchedwa PERSEPHONE, wa amayi oposa 4,000, amene mu 2019 anapeza kuti olandira kwa miyezi 6 zinawayendera pafupifupi mofanana ndi olandira kwa miyezi 12, ndipo mavuto a mtima anali ochepa. Madokotala ambiri akadali pa chaka chathunthu, koma kwa banja limene likulipira lokha, iyi ndi nkhani yoyenera kukambirana ndi dokotala poyera, popanda manyazi.

Ena amati mankhwala oterewa ndi a ku Ulaya, kuno sangatheke. Sindigwirizana nazo. Pali antibody ina yotchedwa rituximab, imene inaloledwa mu 1997, yogwira puloteni ya CD20 pa lymphoma, khansa ya maselo oyera a m'magazi. Ofufuza a pa chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe, mogwirizana ndi UNC Project ya yunivesite ya North Carolina ku America, anaipereka pamodzi ndi kemo kwa odwala a kuno, ambiri mwa iwo ali ndi HIV, ndipo zotsatira zomwe anafalitsa mu 2021 zinasonyeza kuti n'zotheka kuipereka bwinobwino. Chimene chinatheketsa kafukufukuyo ndi labu yoyezera tinyama imene inatsegulidwa pachipatalapo mu 2011, chifukwa popanda kuona CD20 pa kagalasi sakanadziwa woyenera kumupatsa.

Chimene ndikukuletsani ndi mtima wonse ndi kugula nokha kwa munthu wa pa WhatsApp kapena kutumiza wina akabwere nayo pa basi. Trastuzumab ndi puloteni, iyenera kukhala m'firiji pakati pa madigiri 2 ndi 8. Botolo limene layenda masiku m'chikwama kuchoka ku Johannesburg, kudutsa kutentha kwa ku Tete, palibe angakutsimikizireni kuti likadali ndi mphamvu. Achinyengo nawonso amakonda mankhwala odula. Mu 2012 ku America komwe kunapezeka mabotolo abodza a Avastin, antibody inanso ya khansa, opanda mankhwala enieni m'kati. Ngati ikufunika, igulidwe kudzera kwa dokotala amene akuwaona mayi ndi famase yovomerezeka.

Mukapita ku chipatala ulendo ukubwerawu, pitani ndi kope ndi cholembera. Funsani ngati ER, PR ndi HER2 zayezedwa, ndipo ngati zatumizidwa, zibwera liti. Ngati pamalopo sakuyeza, funsani ngati kachidutswa ka phula kaja kangatumizidwe ku labu ina, chifukwa kamasungika kwa zaka ndipo nthawi zambiri sipafunika kudulanso mayi. Funsaninso kuti khansayo ili pa siteji yanji, ngati yafika m'khwapa kapena kwina, komanso ngati ayambe ndi opaleshoni kapena kemo. Pemphani kope la lipoti musunge nokha.

Adokotala akanena kuti mayi ayambe kemo kapena apite ku opaleshoni zotsatira za HER2 zisanabwere, musakane poyembekezera Herceptin. Kemo yoyamba nthawi zambiri imakhala yofiira ija, imene trastuzumab siyendera limodzi, ndiye mpata woiwonjezera pambuyo pake umakhalapo. Azakhali auzeni kuti ndalamazo azisunge kaye, kapena gawo lina lilipire IHC ngati ikufuna kulipira, echo, thiransipoti ya masiku a kemo ndi chakudya chabwino cha mayi. Lipoti likabwera ndi 3+, pamenepo mukhale pansi ndi adokotala muwerengetsere kuti pakufunika mabotolo angati, kwa miyezi ingati, ndipo agulidwa kuti.