Kwa mphunzitsi watsopano ku Nsanje

Achimwene, mwafunsa kuti mungazolowere bwanji ntchito kuchigwa kuno poti zinthu sizikhazikika. Ine ndinayamba mu 1994, pulayimale itakhala yaulere, ana atadzaza mpaka pansi pa mitengo. Silabasi yasintha kangapo. Namondwe wa Freddy atadutsa mu 2023, makalasi athu anasanduka misasa ya othawa madzi, ife n'kumaphunzitsira panja, bolodi litatsamira mtengo. Koma choko sindinachitaye, ntchitoyi ndimaikonda.

Pemphani ahedi kuti masamu ndi kuwerenga zizikhala m'mamawa, chifukwa dzuwa la Okutobala likakwera mwana samvanso kanthu. Phunziraninso Chisena, ngakhale moni wokha. Ana a Sitandade 1 amamasuka msanga. Mwana akawerenga chiganizo yekha koyamba, muombereni m'manja pomwepo, anzake aone.