Achimwene, nyumba ya ku Area 25 musagulitse kaye

Achimwene, mwaswera bwanji kumeneko? Mlamu ali bwanji ndi mwendo uja? Uthenga wanu ndaumva, ndiye ndati ndiyankhe pagulu pompano kuti ana nawonso amve, poti nkhaniyi ikukhudza tonse. Kulemba ayi, zala zanga ndi tizilembo ta pafoniti sitimvana, ndiye mupirire, mawu atalikirapo.

Mwafunsa kuti mukapuma pa ntchito mu Disembala, gratuwite ikangotuluka, mugulitse nyumba ya ku Area 25, mubwere kuno ku Lusaka pafupi ndi mwana wanu ndi adzukulu, mugule kamalo cha ku Chongwe muziweta nkhuku. Ndipo mwati ndisakubiseni mawu. Chabwino. Kubwera bwerani, tikulandirani ndi manja awiri. Koma nyumba ija musaigulitse. Ndayamba ndi pamenepo dala, kuti netiweki ikatidula mukhale mutamva chachikulucho.

Chimene chimatipusitsa a kwathu ndi ichi. Munthu ukatsika basi pa Intercity, kondakitala akukuyankhula chinenero chako, amayi a pa msika wa Soweto akukugulitsa chibwabwa ndi kapenta, Lamulungu ukalowa m'tchalitchi cha RCZ nyimbo zake zomwezija za ku Nkhoma, mpaka amayi a Chigwirizano alipo. Mtima umangoti ndili kwathu. Koma ku Immigration ndinu mlendo, chimodzimodzi munthu wochokera ku India. Inde Mmalawi safunika viza, pasipoti basi. Koma mlendo wamba amaloledwa masiku 90 okha pa miyezi 12. Pa boda ya Mwami paja nthawi zambiri amadinda masiku 30, otsalawo mumapita kukawonjezetsa ku ofesi yawo. Akakwana 90, kuti mukhalebe pafunika pemiti yolipira. Ena amanama kuti ungotuluka kukafika ku Mchinji n'kubwerera, masiku ayambiranso. Sayambiranso, amawerenga a chaka chonse.

Ndikudziwa munena kuti agogo aakazi anabadwira ku Chadiza. Eya, ku Mkaika pa Kulamba mu Ogasiti zimenezo zimagwira ntchito, Gawa Undi ndi wathu tonse, palibe akufunseni chitupa pogwada. Koma pa kauntala amafuna pepala, ndipo agogo anapita opanda kutisiyira ngakhale kapepala ka ubatizo. Ine amene ndinakwatiwa ndi mwini dziko ndinayamba ndi pemiti ya banja, zaka zisanu zinayenera kukwana ndisanapemphe yokhazikika. Lamulo lawo la 2010 lili nalo khomo la munthu wopuma pa ntchito wofuna kudzakhazikika kuno, koma amafuna umboni wa penshoni kapena chuma choti adzidyetsa yekha. Ndipo mwana wanu amene mukumudalirayo, musaiwale, nayenso ali pa pemiti ya ntchito. Pemiti imeneyo ndi yomangirira kwa amene anamulemba ntchito. Kontirakiti ikatha osaiwonjezera, amalongedza. Yokhazikika angapemphe atakwanitsa zaka 10, ndipo iye sanayandikire n'komwe. Ndiye taganizani, inu mwagulitsa nyumba kutsatira mwana, chaka chamawa mwanayo wapeza ntchito ku Nairobi kapena wabwerera ku Lilongwe komweko. Mutsala ndi ndani? Ndi ine, eya, koma inenso ndine nkhalamba.

Tsopano ndalama, apa ndiye mumvetsere bwino. Penshoni yanu izilowa ku banki ya ku Malawi, m'makwacha a Malawi. Lendi, ufa, mankhwala, mafuta, zonse muzilipira m'makwacha a kuno. Dzina ndi limodzi koma mphamvu si imodzi. Pa mtengo wa ku banki, kwacha imodzi ya kuno imadya makwacha anu oposa 60. Tengani penshoni yanu ya pamwezi, gawani ndi 60, muone chotsala. Ndipo umenewo ndi mtengo wa papepala. Nkhani ya kusowa kwa ndalama zakunja m'mabanki a kwanu mukuidziwa kuposa ine. Kuno m'tauni ma bureau ambiri kwacha ya Malawi saifuna, ndiye munthu umathera m'manja mwa anyamata a pa boda aja, okhala ndi mpukutu wa ndalama m'dzanja ili, kakyuleta m'dzanja linalo, akukuwerengera mothamanga basi ikuliza hutala. Mtengo wawo ukamva umachita chizungulire.

Mukumbukire Meyi 2022, kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti. Novembala 2023, 44 peresenti, usiku umodzi wokha. Inu muli ku Lilongwe zinakupwetekani, koma pang'onopang'ono, chifukwa tomato wa pa Nsungwi sanakwere tsiku lomwelo ndipo nyumba ndi yanu. Munthu wodya penshoni ya Malawi ali kuno, m'mawa mwake anadzuka ndalama yake itachepa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, koma eni nyumba akufuna lendi yawo yonse. Kutchalitchi kwathu kuli bambo wina wachikulire wa kwathu komweko, sindimutchula. Anagulitsa nyumba, ndalama n'kuzisiya ku banki akudikira kuti azisinthe bwinobwino mwalamulo. Kugwa kuja kunamupeza zili momwemo. Lero amakhala m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya mkamwini wake, sutikesi ziwiri pamwamba pa wadiropu, satifiketi yake ya ntchito ili mufelemu yotsamira khoma chifukwa eni nyumba analetsa kukhoma misomali. Munthu amene anali ndi mpanda wake ndi mitengo ya mapeyala. Akandiona amangofunsa kuti, kodi kumudzi mvula yagwa?

Nyumba ya ku Area 25 ija kwacha ikagwa, mtengo wake umakwera nayo. Ndalama ya m'buku la banki siikwera. Ikani munthu wa lendi, kapena gawo limodzi lokha, koma dzina pa mapepala likhale lanu ndi la mlamu.

Za malo a ku Chongwe. Kuno lamulo la malo la 1995 limati nthaka yonse ili m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa anthu, ndipo munthu amapatsidwa lisi ya zaka mpaka 99. Mlendo sangangofika n'kulembetsa malo m'dzina lake. Ayenera kukhala ndi pemiti yokhazikika, kapena akhale investor wovomerezeka, kapena Pulezidenti avomere polemba. Malo otchipa amene anthu amakutumizirani zithunzi pa WhatsApp aja, ambiri ndi a mafumu, alibe taito. Mumapatsidwa kalata ya anyakwawa, ndipo kuti isanduke taito iyenera kudutsa kwa mfumu yaikulu, ku khonsolo, mpaka ku unduna wa za malo. Eni dziko omwe, a chitupa chobiriwira, amalira nawo malo ogulitsidwa kwa anthu awiri atatu. Nanga inu? Wina akuuzani kuti lembetsani m'dzina la alamu anu, amuna angawa. Alamu anu ndi munthu wabwino, ali pompano akumva, koma iwo eni akuti ayi. Akuti mawa iwo atatsogola, abale awo a ku Katete adzawerengera malowo pa chuma cha masiye, ndipo sadzakhala akulakwa, chifukwa pepala lidzakhala likunena zimenezo.

Nkhukuzonso. Mlendo wochita bizinesi amafunika pemiti ya investor, ndipo ya bizinesi yatsopano amafuna umboni wa madola 250,000. Madola, achimwene. Gratuwite yanu ndi nyumba kuphatikiza sizifikako. Komanso kuyambira 2017 kugulitsa nkhuku zamoyo m'misika boma linasungira nzika zokha. Ndiye inu amene mwagwira ntchito m'boma moyo wanu wonse osaponda pa polisi, mukayambe kuzemba muli ndi imvi? Khola lomwelo mukhoza kumanga ku Namitete pa malo a bambo, popanda wokufunsani pemiti.

Magetsi musaganize kuti mukuthawa mavuto. Mu 2024 chilala chinaphwetsa madzi ku Kariba, ndipo kuno tinkakhala pafupifupi tsiku lonse opanda magetsi, akabwera ndi pakati pa usiku. Munthu kudzuka 1 koloko kusita, kutchaja mafoni, kupopa madzi kukweza m'thanki. Mbaula inabwerera pakhonde ngakhale kwa olemera ku Kabulonga. Oweta nkhuku amene analibe sola kapena jenereta anataya anapiye ndi kuzizira, ophedwa kale anaonongekera mufiriji. Dzinja nalo lili ndi zake: Januwale 2024 kolera inavuta mpaka National Heroes Stadium inasanduka chipatala, sukulu zinachedwa kutsegulidwa. Zofanana ndi za kwanu, sindikunyoza, kungoti musabwere mukuganiza kuti kuno ndi ku Ulaya.

Chipatala ndiye chimandidetsa nkhawa chifukwa cha BP yanu ndi shuga ya mlamu. Zipatala zazikulu zilipo, UTH, Levy Mwanawasa, madokotala odziwa ntchito. Koma NHIMA, inshuwalansi ya boma imene inayamba mu 2019, ndi ya nzika ndi okhazikika. Wa chidindo cha mlendo amalipira m'thumba. Mankhwala a mwezi ndi mwezi aja muwawerengere m'makwacha a kuno musanasunthe, ndipo a medical aid anuwo akulembereni papepala zimene amalipira munthu akadwalira kunja.

Pali china chimene ana sangakuuzeni, ndinena ine. Mwana wanu ndi mkazi wake amachoka ku Chelstone kusanache kuthawa mzere wa magalimoto pa Great East Road, kubwera kuli mdima. Adzukulu kusukulu tsiku lonse, akabwera ali pa foni, Chichewa chawo chosakaniza ndi Chibemba ndi Chingerezi moti mlamu azingoti, wati chiyani? Inu mutsala mkati mwa mpanda, geti yokhoma, waya wamagetsi pamwamba. Ku Area 25 mukatuluka kukagula buledi mumabwera patapita ola chifukwa cha moni. Muli ndi mpando wanu wa mkulu wa mpingo, muli ndi anzanu a bawo pansi pa mtengo paja. Kuno zonsezo n'kuyamba pachiyambi. Ndipo mlendo ndi mame, mwambi uja sunama. Mwezi woyamba mpongozi wanu adzakuphikirani nkhuku. Mwezi wachisanu ndi chimodzi, akazi awiri khitchini imodzi... ndasiyira pomwepo, mlamu wandimva.

Tinenenso za tsiku lija, poti tonse takula. Munanena nokha pa maliro a mayi kuti mudzagone pafupi ndi iwo ku Namitete. Kuchokera kuno kufika ku Chipata ndi makilomita pafupifupi 570, kudutsa mapiri a ku Luangwa, kenako boda. Thupi silidutsa ngati katundu wamba, pamafunika kulikonza, zikalata za chipatala, za boma, za ofesi ya kazembe wathu, ndi galimoto yolipira ulendo wonsewo. Ife a kuno timasonkherana zikachitika, ndiye ndimaona mmene mabanja amatsalira ndi ngongole. Ena amangogonja n'kuika ku manda a Leopards Hill konkuno. Ngati zimenezo mwazivomera mumtima, nenani ana amve. Ngati ayi, ikani padera ndalama yake.

Musamve ngati ndikukuthamangitsani. Ine ndingakondwe kwambiri kukhala ndi mlongo wanga pafupi, ndatopa kuonana pa maliro pokha. Ndipo ulendo masiku ano wapepuka. Chitsegulireni boda yatsopano ya Mwami ndi Mchinji mu Disembala 2022, mumadinditsa mbali zonse ziwiri pamalo amodzi. Kunyamuka ku Lilongwe m'mawa, madzulo tikudya limodzi nsomba zouma zimene mwagula pa Luangwa Bridge.

Ndiye chitani chonchi. Gratuwite ikatuluka musaigwire msanga. Bwerani ndi mlamu mudzadye masiku 90 aja, koma musabwere nthawi ya Khirisimasi pamene aliyense ali patchuthi ndi wosangalala. Bwerani Febuluwale, mvula ili pakati, ana ali ku ntchito. Theka mukhale ku Chelstone, theka kwa ine ku Chilenje, ndipo muzidzigulira zanu ndi penshoni yanuyo, mlamu azilemba m'kope chilichonse. Tidzapita limodzi ku Kent Building mukamve nokha kwa a Immigration zimene akufuna kwa munthu wopuma pa ntchito, osati za m'maluwa. Ku Chongwe tidzapitanso, mukaone malowo ndi maso, mukafunse taito.

Pakali pano tatsegulani mapasipoti onse awiri muone tsiku lothera, ya mlamu ndikukayika ngati ikadali ndi moyo, ndipo iyenera kutsala ndi miyezi isanu ndi umodzi polowa. Iwe mwana wa ku Chelstone, ndakuona uli online, usangomvera chete. Auze bambo ako kuti kontirakiti yako ikutha liti.