Tizilombo tobiriwira m'mbali mwa mtsinje: musapopere

Wowerenga wina wanditumizira imelo pamodzi ndi chithunzi cha kachilombo kowonda, kobiriwira mopita kuchikasu, mapiko ake atagona pamsana. Akuti tadzaza pazitsamba za m'mbali mwa mtsinje, ndiye akufunsa mankhwala opopera. Funsoli landiwawa mumtima, bambo, ndipo ndikuuzani chifukwa chake.

Kachilomboka ndi ka banja lomwe asayansi amalitcha Chloroperlidae, m'gulu la tizilombo lotchedwa Plecoptera (pachingerezi stoneflies). Timapezeka makamaka ku North America, Europe ndi Asia, ndipo tambiri sitifika ngakhale masentimita 2. Zimene mukuonazo ndi masiku otsiriza chabe a moyo wake. Chaka chathunthu, mitundu ina mpaka ziwiri, kamakhala m'madzi, m'mipata ya timiyala tapansi, kakusaka mphutsi za tintchentche. Kamapumira pakhungu, nchifukwa chake kamafuna madzi ozizira, othamanga, a mpweya wambiri.

Ine ndinkakonda kutembenuza miyala mumtsinje wina wa m'phiri. Ukanyamula mwala, unkaona tiana ta tizilomboti tikuthawira kunsi, timichira tiwiri tikugwedezeka. Pamiyala yowuma pankakhala timakoko topanda kanthu, tong'ambika kumsana, pomwe kachilombo kafundula n'kuuluka. Kenaka anthu anadula mitengo kumtunda. Mthunzi unatha, madzi anayamba kufunda, matope anatseka mipata ija. Nditabwererako, madzi ankaoneka oyera ndithu, koma miyala yonse inali yopanda moyo. Ndipo apa sindigonja: amene amayeza mtsinje ndi maso okha amadzinamiza. Funsani zimene zikukhala pansi pa miyala, chifukwa tizilomboti tili m'gulu la toyamba kutha madzi akaipa.

Komanso tizilomboti timaitanirana mochititsa chidwi. Kamphongo kamagogoda mimba yake pakanthambi, kakakazi n'kuyankha ndi kugogoda kwake, mpaka tikumane. Kawirikawiri khutu la munthu silimva kanthu. Nsomba za trout zimatidya tili m'madzi, mbalame ndi akangaude amatidikira kumtunda. Mukatipha, onsewa mwawalanda chakudya.

Zoti muchite

Musapopere chilichonse. Tizilomboti sitiluma munthu, sitiwononga mbewu, ndipo pakangotha masabata ochepa tizimiririka tokha. Mankhwalawo akakokoloka ndi mvula akathera mumtsinje momwemo, n'kupha tiana tomwe tikanatuluka chaka chamawa. Siyani mitengo ndi udzu wa m'mbali mwa madzi, ndipo mukatembenuza mwala kuti muone, muubwezere momwe unaliri.