Makumba anga ali ndi zilonda: kodi Aeromonas ndi kolera?

FUNSO: Ndili ndi damu la makumba ku Namwera. Mu Novembala nsomba zinayamba kufa, zili ndi zilonda zofiira m'nthiti, mimba zotupa, zipsepse zonyotsoka. Alangizi anati mwina ndi Aeromonas, koma kuti atsimikize mpaka kulabotale. Anzanga akuti ndi kolera, ndikwirire damu. Kodi tizilomboti mumatisiyanitsa bwanji? Mlimi wa nsomba, Namwera.

YANKHO: Bambo, damu musakwirire. Aeromonas ndi bakiteriya wa m'madzi, si kolera. Mantha a anzanuwo ndikuwamvetsa, poti kolera ya 2022 ndi 2023 inatiliza kuno kunyanja. Ngakhale akatswiri kale ankaika Aeromonas m'banja limodzi ndi Vibrio cholerae, kachilombo ka kolera, mpaka mu 1986 pamene wasayansi wa ku America Rita Colwell ndi anzake anaipatsa banja lakelake, Aeromonadaceae.

Alangizi anu anachita bwino kunena kuti "mwina". Chilonda chokha sichitchula dzina la kachilombo. Matenda ena a nsomba otchedwa EUS (epizootic ulcerative syndrome), amene anapezeka ku Mchinji mu 2020, nawonso amatulutsa zilonda zofiira, koma amabwera ndi nkhungu ya m'madzi, osati bakiteriya.

Ife a ntchito ya labotale timayamba ndi kutumbula nsomba, n'kutapa pang'ono mu impso yake, chifukwa pakhungu pamakhala tizilombo tosakanikirana ta m'madzi. Timapaka pa mbale ya agar, chakudya chomeretsera tizilombo, n'kuisunga pa madigiri 28 usiku wonse. M'mawa pamakhala patamera timadontho ta tizilombo. Kadontho kamodzi timakapaka pagalasi, n'kuthira utoto mwa njira imene Hans Christian Gram wa ku Denmark anatulukira mu 1884. Pa maikulosikopu, Aeromonas imaoneka ngati tindodo tafupi ta pinki. Bacillus, wa m'dothi, amagwira mtundu wa pepo. Ambiri amakhutira apa, nati cha kolera chimakhala chopindika ndipo Aeromonas n'chowongoka. Ine kupindikako sindikudalira, chifukwa Vibrio womeretsedwa m'mbale nthawi zina amawongoka.

Kenaka timayeza ngati kachilomboko kali ndi mchere wotchedwa oxidase. Kadontho kaja tikakapaka pakapepala ka mankhwala, Aeromonas imakasandutsa pepo wakuda m'masekondi khumi, koma E. coli, bakiteriya wa m'matumbo, sakasintha n'komwe. Pamenepa patsala atatu ofanana: Aeromonas, Pseudomonas ndi Vibrio. Pseudomonas sangasase shuga wa glucose popanda mpweya, pamene Aeromonas imatha, ndiye Pseudomonas wachoka.

Muyeso umene ndimaukonda ndi wotsatirawu, chifukwa yankho umaliona ndi maso. Timadonthetsa mankhwala otchedwa sodium deoxycholate pagalasi, n'kutakasiramo tizilomboto ndi kawaya. Ngati ndi Vibrio cholerae, madziwo amananda, ukakweza kawaya amakoka ulusi ngati therere. Aeromonas imangokhala yotuwa, ulusi osatuluka. Pa agar ya TCBS, yomeretsera Vibrio, cha kolera chimamera timadontho tachikasu, pamene Aeromonas kawirikawiri imamera monyentchera kapena osamera. Ndipo ngakhale Vibrio cholerae weniweni sititi ndi wa mliri tisanaone kuti ndi wa gulu la O1 kapena O139.

Zonsezi zimangotifikitsa pa dzina la Aeromonas. M'kati mwake muli mitundu yoposa 30, monga hydrophila, caviae ndi veronii, yofanana moti kuisiyanitsa bwino kumafuna kuwerenga DNA, makamaka majini a gyrB ndi rpoD. Mlimi safunika kufika kumeneko.

Chimene ndikufuna muchigwire ndi ichi: Aeromonas imakhala m'madzi nthawi zonse, m'nyanja ya Malawi, ku Malombe, mu Shire, ngakhale m'damu la nsomba zathanzi. Kuipeza m'madzi sikusonyeza kuti ndiyo yapha. Imalowerera nsomba zikafooka. Novembala madzi amatentha ndi kuphwera, mpweya umachepa, madeya otsala amaolera pansi, ndipo khoka limasupula mamba. Mukaona nsomba zikubwera pamwamba kudzapuma mbandakucha, dziwani kuti mpweya wachepa. Lekani kaye manyowa, chepetsani chakudya, lowetsani madzi atsopano, ndipo ngati zathithikana muzipungule. Zakufa muzivuule tsiku lomwelo n'kuzikwirira kutali ndi madzi.

Chimene chimandiwawa ndi kumva kuti wina watsanulira makapisozi a amoxicillin m'damu. Mitundu yambiri ya Aeromonas simva mankhwala a gulu limeneli mwachibadwa. Ndalama zimapita, ndipo tizilombo tina ta m'madzimo timazolowera mankhwala amene mawa adzafunika kwa mwana wodwala.

Kwa anthu, Aeromonas ingatsegule m'mimba kapena kuoletsa bala. Muli ndi bala musalowe m'damu, ndipo nsomba zodwala musadye kapena kugulitsa. Uzani ofesi ya za nsomba kuti aone ngati si EUS. Popita nazo, sankhani zodwala koma zikadali moyo, m'ndowa ya madzi a m'damu momwemo. Yofa dzulo imakhala itadzaza tizilombo tooletsa, ndipo kwa ife ilibenso ntchito.