Matayala amodzi a ku ntchito ndi ku traki: wa pa shopu uja musamumvere

Achimwene, mwafunsa za matayala amodzi oti muziyendera ku ntchito komanso ku traki yothamangitsira magalimoto. Semi-slick (tayala la ku traki la mano ochepa) imene akukukakamizani pa shopuyo isiyeni kaye. Toyo R888R pa Golf 7 GTI yopitira ku ntchito pa msewu waukulu wa N1 tsiku ndi tsiku, ku traki ya Zwartkops n'kumangopitako kamodzi pa miyezi iwiri? Ayi ndithu. Anthu amenewa amandinyansa chifukwa amakugulitsani zimene zawakanirira pa shelefu, ndipo mvula ya masana ya ku Gauteng ikadzakupezani pa liwiro la 110 mu Disembala iwo adzakhala ali phee pa kauntala. Tayala limenelo treadwear yake (nambala yosonyeza kukhalitsa kwa tayala, ikakhala yotsika ndiye kuti limatha msanga) ndi 100, mano ake ndi osaya lidakali latsopano, ngalande zotayira madzi n'zowerengeka. Madzi akadikha pa phula, tayala limakwera pamwamba pa madziwo. Chiwongolero chimapepuka ngati chazuka, injini imakuwa chifukwa matayala akungozungulira osagwira pansi, ndipo poti GTI imakokera kutsogolo, kukoka ndi kukhota zimachoka nthawi imodzi. Mumangokhala mlendo m'galimoto yanu yomwe, kudikira kuti iime pati. M'mawa wa mu Juni rabala yake imakhala gwa ngati pulasitiki, ndipo liwiro la m'tauni siliitenthetsa. Phokoso lake ndiye mudzapita kwa makaniko kukasinthitsa bearing yabwinobwino.

Koma musaganizenso kuti tayala wamba la pamsewu likupulumutsani. Limapweteka mwa mtundu wina, ndipo apa ndi pamene ambiri amalirira. Munthu walowa mu traki ndi presha ya pa shopu, 2.5 bar tayala lili lozizira. Raundi ziwiri zoyamba galimoto ikumvera bwino, mtima uli m'malo. Pofika raundi yachinayi kapena yachisanu mpweya watentha, presha yafika 3.0, tayala latukumuka pakati, mbali yogunda phula yachepa. Mukakhotetsa pa kona yothina mphuno ya galimoto imangopita chowongoka. Munthu amawonjezera kupotokola chiwongolero, n'kupondanso moto, tayala likulira kwiii, ndipo pamenepo ndi pomwe likuphedwa. Phewa la kunja limapindikira pansi, rabala imapsa n'kuyamba kuterera ngati yapakidwa mafuta, timabuloko ta mano timazuka zidutswa zonga chala chachikulu. Mukatuluka n'kugwada pansi, mupeza m'mphepete mwanyenyeka, rabala yasanduka yobiriwira ngati buluu, mwina mawaya ayamba kusuzumira, chonsecho mbali ya mkati mano ali 7 mm ngati mwagula dzulo. Mphindi 20 zokha, matayala awiri akutsogolo apita. Mukabwerera nawo pa shopu amakuuzani kuti za ku traki sizilowa mu waranti, anthu omwe aja anapopa 2.5 osakufunsani kumene mukupita.

Chimene chimadya tayala latsopano msanga ndi kutalika kwa mano. Buloko lalitali limagwedezeka likapanikizidwa, kugwedezekako kumabala kutentha, kutentha kumang'amba rabala. N'chifukwa chake tayala lomwe latsala ndi 4 kapena 5 mm limapirira traki kuposa la 8 mm.

Ndiye mugule chiyani? Pali magulu awiri oyenera inu. Loyamba ndi matayala apamwamba a pamsewu: Michelin Pilot Sport 5, Continental SportContact 7, Goodyear Eagle F1 SuperSport, treadwear yawo kuyambira cha m'ma 240 mpaka 340. Pa mvula ndi akatundu, pa traki amakupatsani raundi zinayi kapena zisanu zolimba kenako amafuna kupuma. Lachiwiri ndi la treadwear 200: Hankook Ventus RS4, Bridgestone Potenza RE-71RS, Yokohama Advan A052. Awa khoma lawo la m'mbali ndi lolimba, mabuloko a paphewa ndi aakulu, kutentha amakupirira. RS4 ndi imene imakhalitsa, imatha kuzungulira gawo lonse osafooka. A052 imagwira koopsa koma pa galimoto yolemera mphuno ngati GTI yopanda camber (kupendekeka kwa tayala) imasungunuka ngati sopo. Nambala ya treadwear musaitenge ngati lemba la m'Baibulo, kampani iliyonse imadziyezera yokha, 200 ya Yokohama si 200 ya Hankook. Kwa inu oyenda pa N1 masiku asanu pa sabata, ine ndikuti gulu loyamba. Ngati ku traki kwayamba kukhala mwezi uliwonse, RS4, koma mvula ikagwa mutsike pa 80 musachite manyazi ndi okuimbirani hutala.

Saizi musasinthe mwachisawawa. 225/40R18 92Y XL ndi yoyenera. 92 ikutanthauza makilogalamu 630 pa tayala limodzi, Y ndi liwiro lofika 300, XL ndi lolimbitsidwa kuti linyamule zambiri. Wa pa shopu akati 88 ndi chimodzimodzi, mukane, imeneyo ndi makilogalamu 560. Malimu a 19 asakukopeni: khoma la 225/35R19 ndi 79 mm pomwe la 18 ndi 90 mm, ndipo maenje a m'misewu ya ku Joni sasankha. Muwerengenso manambala anayi omaliza pa DOT ya m'mbali mwa tayala, osonyeza nthawi imene linapangidwa, musanalipire. 3521 ndiye kuti sabata ya 35 chaka cha 2021. Amakonda kubisa mbali imeneyo mkati, muwauze atembenuze muone. Tayala logwira kwambiri likakhalitsa pa shelefu rabala imauma. A kaunjika ochokera ku magalimoto a mpikisano ndiye msampha weniweni, mano amaoneka alipo koma atenthedwa n'kuzizira kambirimbiri, rabala inafa kale.

Komabe kunena zoona mtundu wa tayala ndi theka chabe la nkhaniyi. Gulani geji yanuyanu ndi kapampu kolumikiza ku galimoto, za pa filing'i siteshoni zimanama. Poyamba gawo loyamba tsitsani kufika 2.0 bar lili lozizira. Zungulirani raundi zitatu kapena zinayi, lowani, yezani nthawi yomweyo musanavule n'chipewa chomwe. Mukufuna pakati pa 2.2 ndi 2.4 lili lotentha. Likapitirira, phwetsani pang'ono. Mpweya umakwera pafupifupi 0.1 bar pa madigiri 10 aliwonse, ndiye masana dzuwa likaswa mtengo muyezenso, musadalire za m'mawa. Osatsitsa mopitirira, tayala la pamsewu khoma lake ndi lofewa, limagona. Tengani choko, mujambule mizere itatu paphewa kutsikira m'mbali. Paphewapo pali tizizindikiro ta makona atatu, pa Michelin pamakhala kachidole kawo kaja. Choko chikafufutika kupyola pamenepo, tayala likupindika, onjezani 0.1.

Camber ya ku fakitale pa GTI ndi yochepa, ndipo kutsogolo siisinthika popanda kugula zida, ma camber plate kapena mikono ya pansi ina. Madigiri -2 kutsogolo amasintha zonse, phewa limapulumuka. Mukafika -3 ndiye N1 ikudyerani mbali ya mkati. Toe (kuloza mkati kapena kunja kwa matayala) ikhale pafupi ndi ziro, chifukwa chimene chimapala mkati mwa tayala pamsewu nthawi zambiri ndi toe, anthu n'kumanamizira camber. Mukapita ku alayimenti muwauze manambala ndipo mutenge pepala losindikiza, apo ayi angoika zonse pa girini ya pa kompyuta yawo, ndiye kuti manambala a ku fakitale, n'kukulipiritsani.

Traki iliyonse ili ndi tayala limene imadana nalo. Kyalami imazungulira mobwerera kumanzere, ndiye lakutsogolo kumanja ndi limene limasenza katundu. Pa nkhomaliro sinthanitsani, akutsogolo apite kumbuyo. Olembedwa OUTSIDE mutha kuwaolotsa mbali ina, okhala ndi muvi ngati RS4 akhale mbali yawo yomweyo. Mabauti 120 Nm ndi torque wrench, malimu atazizira, osati ndi mfuti ya mpweya ija amamangira ngati akumanga thiraki. Raundi yomaliza muyende pang'onopang'ono osaponda mabuleki kwambiri, mukaima musakoke handibuleki, zimitsaninso auto hold ija imagwira mabuleki yokha mukaima, ma pad amamatirira pa disiki yotentha. Tayala lokhala ndi chotupa m'mbali kapena lomatidwa ndi kachingwe kobaya kunja kaja lisalowe mu traki n'komwe.

Chimene ambiri amaiwala ndi pobwerera. Mwaphwetsa tsiku lonse, matayala akazizira atsika mwina kufika 1.7. Mukamenya dzenje ndi presha imeneyo khoma limapanika pa limu, chotupa pompo. Popani kubwerera pa nambala yolembedwa pa galimoto musanatuluke pa geti. Muonenso mano: lamulo la kuno ku South Africa limafuna 1 mm, ndipo timizere ta m'ngalande tikafanana ndi mano, pa 1.6 mm, apolisi akulemberani, koma nyengo ya mvula pansi pa 3 mm ine sindingayendere.

Ndanena zonsezi, koma ngati aka n'koyamba kupita ku Zwartkops, musagule kalikonse. Pitani ndi omwe ali pa galimotowo bola akhale ndi 4 mm, osang'aluka, osapyola zaka zisanu. Muwononga ndithu, aliyense woyamba amapotokola chiwongolero mopyola, ndiye kuli bwino muwononge akale. Ndalama ya mwezi uno ipite ku mafuta a mabuleki a DOT 4 opirira kutentha ngati Motul RBF 600 ndi ma pad abwino, chifukwa pa GTI pedulo imafewa matayala asanatope. Kukakukomerani, sakani malimu anayi a kaunjika a 5x112, muyese kaye ngati sakukhuza kalipa ya buleki, ndipo R888R yomwe ija muivale pamenepo, muzikamangira konko.