Miyezi 8 ndikudikira opaleshoni, magazi akungotha

Adokotala, ndine mayi wa zaka 41, ndimagulitsa kaunjika ku Area 25. Chaka chatha anandijambula sikani n'kupeza zotupa m'chiberekero, ndiye anandilemba kuti ndidzapangidwe opaleshoni, pano yakwana miyezi 8 ndikungodikira. Kawiri konse andigoneka, osadya kuyambira pakati pa usiku, gadiyani wanga atachoka ku Mitundu ndi mapoto ake, kukacha basi akuti lero sizitheka mubwerenso. Kachiwiriko anati magazi anu achepa. Nanga asachepe bwanji poti ndikapita kumwezi ndimataya magazi masiku 10 osaleka? Geni inaima, a banki m'khonde akundisaka, usiku tulo osabwera ndimangoti mwina ndi khansa akundibisira. Apongozi ayamba kale zoti tipite kwa asing'anga. Nditani ine?

Mayi wodandaula, Area 25

Pepani kwambiri mayi, kusala kudya usiku wonse mtima uli m'mwamba kenako n'kubwezedwa, kawiri konse, zimapweteka ndithu.

Ndiyambe ndi zomwe zikukusowetsani tulozo. Zotupa za m'chiberekero zimene madokotala amati ma fibroids si khansa, ndipo amayi ambiri a msinkhu wanu ali nazo, ena osadziwa n'komwe. Komabe mukapita mufunse maso ndi maso kuti sikani ija inaonetsa chiyani kwenikweni, ndipo ngati simunayezetsepo khansa ya khomo la chiberekero yezetsani, m'zipatala za boma ndi ulere.

Chomwe chikundidetsa nkhawa ine ndi magaziwo. Mukamadikira mukutaya magazi, magazi akachepa ogonetsa odwala ku fiyeta sangalole kuti akupangeni opaleshoni chifukwa mtima sungapirire mutatayanso ena pa tebulo, ndiye akubwezani, mukadikiranso mwezi wina mwatayanso ena, zimangozungulira choncho mpaka munthu amene anali wa opaleshoni yokonzekera bwinobwino amadzalowa chipatala atanyamulidwa. Mayi woti si woyembekezera Hb yake, nambala yosonyeza mlingo wa magazi m'thupi, imayenera kukhala 12 kapena kuposa, ikatsika pansi pa 8 ndiye kuti achepa kwambiri. Yanu ili pa chani? Onani mu helefi pasipoti mwanu, nambala imeneyo muziidziwa ngati mtengo wa belo.

Ndiye musangokhala kunyumba kudikira tsiku. Pitani sabata ino akakuyezeni, mupemphe mapilisi owonjezera magazi aja a ferrous, komanso mufunse za mankhwala ochepetsa kutaya magazi, alipo monga tranexamic acid ndi njira zina za kulera, adokotala aone yokuyenerani. Mapilisiwo osamwera tiyi, tiyi amatchinga ayironi kulowa m'thupi, bola kumwera madzi n'kudya gwafa kapena lalanje. Chimbudzi chikada musadabwe ndi mmene amachitira. Nyemba, bonongwe, usipa, chiwindi mukachipeza, idyani. Asipirini ayi, amawonjezera kutaya magazi.

Koma mukaona kuti padi ikudzadza pa ola limodzi lokha mobwerezabwereza, chizungulire, mtima kugunda kwambiri, befu poyenda pang'ono, kapena mkodzo ukukanika kutuluka, apo palibenso za tsiku lomwe anakulemberani, thamangani usiku womwewo.

Kubwezedwako nthawi zambiri si kuti wina akudana nanu. Zipatala zazikulu za boma zilipo zinayi zokha dziko lonse, madokotala a opaleshoni ndi ochepa, ndipo fiyeta yomweyo ikalandira mayi amene mwana wapingasa kapena wa kabaza wogundidwa ndi galimoto, iwowo amayamba. Magazinso amasowa, a MBTS, bungwe lotolera magazi, amadalira kwambiri ana asukulu kuti apereke magazi ndiye nthawi ya holide kumavuta. Izi sizikutanthauza kuti muzingoti zikomo n'kumapita ayi. Akakubwezani pemphani alembe chifukwa chake ndi tsiku latsopano m'buku mwanu, muwauzenso kuti aka n'kachitatu ndipo geni inaima. Mukaona kuti simukumveka, funsani ofesi ya ombudsman wa pachipatalapo, ntchito yawo ndi imeneyo. Ngati abale angasonkhe, kafunseni mtengo ku zipatala za mishoni monga Nkhoma kapena St Gabriel's ku Namitete, mutatenga zotsatira za sikani, koma chonde osalowa katapila.

Apongoziwo musakangane nawo, nawonso atopa kukuonani mukufooka. Atengeni ulendo wotsatira akamve okha kwa adokotala, chifukwa zitsamba sizisungunula zotupazi ndipo miyezi yomwe mungathere kumeneko magazi akhala akuthabe.