Udindo wa apolisi galimoto ikafera panjira

Mayi, mwafotokoza kuti galimoto yanu inafera pamsewu wa M1 usiku muli ndi ana awiri, ndipo apolisi amene anakupezani anangofunsa laisensi ndi ma triangle (zizindikiro zonyezimira zochenjeza madalaivala ena) kenako n'kupitiriza ulendo wawo. Mukufunsa ngati lamulo limawalola kutero. Kuona kwanga n'kwakuti mafunso awo anali oyenera, koma kuchoka asanaonetsetse kuti inu ndi anawo muli pamalo otetezeka kunali kusiya ntchito yawo ili pakati.

Ndiyambe ndi zimene zinalembedwa. Gawo 153 la malamulo aakulu a dziko lino limanena kuti apolisi alipo kuti ateteze anthu ndiponso ufulu wawo, ndipo lamulo la apolisi la chaka cha 2010 limatchula kuteteza moyo ndi katundu ngati imodzi mwa ntchito zawo, pamodzi ndi kupewa umbanda usanachitike. Mawu akuti kupewa ndi amene ali ofunika kwambiri pankhani yanuyi. Galimoto yoima mumdima m'mphepete mwa msewu umene mumadutsa malole onyamula katundu wolemera ndi mabasi oyenda usiku ikhoza kuwombedwa nthawi ina iliyonse, ndipo mayi amene ali yekha ndi ana patchire akhoza kuchitidwa chipongwe ndi achifwamba. Wapolisi amene waona zimenezi ndi maso ake sangati nkhaniyo si yake chifukwa chakuti palibe amene wavulala kapena kuberedwa panthawiyo, pakuti ntchito yake imayamba zoipazo zisanachitike.

Komabe tisawasenzetse katundu amene si wawo. Wapolisi si makaniko, ndipo sakakamizidwa kusintha tayala, kukankha galimoto, kukugulirani mafuta kapena kukoka galimoto yanu ndi ya boma. Alipo ena amene amachita zimenezi mwa umunthu wawo, ndipo tiyenera kuwathokoza, koma amene wakana kugwira jeke sanalakwire lamulo. Chimene ayenera kuchita n'kuona kuti galimotoyo siikutseka msewu, kuti zizindikiro zochenjeza madalaivala ena zayikidwa kutsogolo ndi kumbuyo, ndiponso kuti anthu amene anali m'galimotomo sali pangozi. Ngati galimoto yafera pakona, pamlatho kapena pachitunda monga cha Chiweta, pamene dalaivala wobwera sangaione msanga, wapolisi ayenera kuima n'kumawongolera magalimoto kufikira itachotsedwa kapena itakankhiridwa pambali. Ngati iye akuthamangira kwina, mwina kungozi imene yachitika kutsogolo, angathe kuimbira anzake a kupolisi yapafupi kapena a parodibuloko, kukuthandizani kupeza bulekidauni, kapena kukulumikizani ndi amfumu ndi apolisi akumudzi a m'deralo kuti galimoto isagone yokha. Zonsezi sizifuna mafuta ambiri kapena nthawi yaitali, zimangofuna kuti munthu aime n'kufunsa kuti, “Mayi, kodi pali amene akubwera kudzakutengani?”

Ndikudziwa kuti ena anena kuti apolisi athu alibe magalimoto okwanira ndipo mafuta amawavuta. Zimenezo n'zoona, makamaka kumadera akumidzi kumene galimoto imodzi imatumikira dera lalikulu, ndipo n'chifukwa chake munthu akaimba pa 997 thandizo silifika msanga nthawi zonse. Koma kusowa kwa galimoto kumafotokoza chifukwa chimene wapolisi walephera kubwera, sikufotokoza chifukwa chimene wapolisi amene wafika kale pamalopo wachoka osachita kanthu.

Tsopano za ma triangle, zimene ndikuona kuti zinakupwetekani mtima. Malamulo apamsewu amafuna kuti galimoto iziyenda ndi zizindikiro zonyezimirazi, ndipo udindo woziika ndi wa dalaivala asanafike wapolisi aliyense. Chizolowezi chathu chothyola nthambi za mitengo n'kuziyala pamsewu chimathandizako masana, koma usiku masamba sanyezimira, ndipo dalaivala wa lole amaziona atafika kale pafupi moti sangathe kuima. Choipanso n'chakuti galimoto ikakonzedwa ambiri amachoka n'kusiya nthambi zija, ngakhalenso miyala imene anatsekera matayala, ndipo zimenezi zimadzagwetsa wanjinga kapena wakabaza wosalakwa. Choncho wapolisi wofunsa ma triangle sakuvutitsa munthu, akufunsa chinthu chimene chimapulumutsa moyo. Ngati mulibe, ali ndi mphamvu yokulipiritsani chindapusa, koma chindapusacho chiyenera kukhala ndi lisiti la boma. Ndalama yoperekedwa mumdima popanda lisiti kuti “tingomvana” ndi chiphuphu, ndipo wopereka ndi wolandira onse amakhala atalakwira lamulo. Ndiwonjezere kuti kulemba chindapusa sikuchotsa udindo wina uja. Wapolisi amene wapeza kuti mulibe ma triangle wadziwa kuti galimoto yanu ili pangozi yoposa kale, ndiye kuti chifukwa chake chokhalira nanu kapena kukupezerani thandizo chakula.

Pali chinthu china chimene madalaivala ambiri amalakwitsa, ndipo wapolisi wodziwa ntchito amachikonza akangofika. Anthu amakonda kukhala m'galimoto momwemo podikira makaniko, ena mpaka kugona pansi pake pothawa dzuwa kapena mvula. Malo abwino ndi kunja, kutali ndi msewu, kumbali imene kulibe magalimoto, mahazadi ali oyaka ngati batire ikadali ndi mphamvu. Usiku ana amaopa ndipo kumazizira, makamaka cha ku Dedza ndi ku Ntcheu m'miyezi ya June ndi July, koma galimoto yoima ikawombedwa kumbuyo amene amavulala kwambiri ndi amene akhala pampando wakumbuyo, pamene nthawi zambiri timakhazikapo ana.

Mwafunsanso ngati mungadandaule. Mungathe, ndipo njira yoyamba ndi kupita kwa mkulu wa polisi ya dera limene munaferedwa galimoto, n'kufotokoza tsiku, nthawi, malo ndi nambala ya galimoto imene apolisiwo anakwera ngati munaiona. Mukaona kuti simunathandizidwe, lamulo lomwe lija la 2010 linakhazikitsa bungwe loima palokha lomva madandaulo a anthu pa apolisi, lotchedwa Independent Complaints Commission, ndipo ngati anakupemphani ndalama yopanda lisiti, nkhaniyo ingapitenso ku bungwe lolimbana ndi ziphuphu la Anti-Corruption Bureau. Sindikukulonjezani kuti wina alangidwa, chifukwa wapolisiyo angadziteteze ponena kuti anali paulendo wa ntchito ina yofulumira, ndipo mwina zingakhale zoona. Phindu la dandaulo lotere n'lakuti akuluakulu amadziwa zimene zikuchitika pamsewu usiku, nthawi imene iwo sakhalapo.

Pokonzekera maulendo a m'tsogolo, ndikulangizeni kuti musunge mufoni nambala za mapolisi a m'maboma amene mumadutsamo kawirikawiri, chifukwa amene ali pafupi ndiwo amafika msanga, ndipo mukamadutsa parodibuloko mungathe kuwapempha nambalazo. M'galimoto musamasowe ma triangle awiri, tochi yoyaka bwino, tayala lapadera lopopa ndi jeke yogwira ntchito. Apolisi akadzakupezaninso mwaferedwa galimoto, musadikire kuti akufunseni, auzeni momveka bwino kuti muli ndi ana, simukudziwa malowo ndipo mukupempha kuti akuthandizeni kupeza bulekidauni kapena adziwitse anzawo a pafupi asanachoke, kenako lembani nambala ya galimoto yawo ndi nthawi imene anafika.